Rand Daily Mail: nyuzipepala imene inafa owerenga akadalipo

Pa 30 Epulo 1985, anthu a mumzinda wa Johannesburg anagula Rand Daily Mail kotsiriza. Nyuzipepalayi inali itakhala ikutuluka m'mawa kwa zaka pafupifupi 83, ndipo dzina lake linali lodziwika ngakhale kutsidya la nyanja. Boma la tsankho linkadana nayo kwambiri. Linaikokera kukhoti, linalanda ziphaso za akonzi ndi atolankhani ake, ndipo linafika poba ndalama za misonkho kuti likhazikitse nyuzipepala ina yolimbana nayo. Pa zonsezi boma silinathe kuitseka. Amene anaitseka ndi eni ake, atakhala pansi n'kuwerengetsa ndalama zolowa ndi zotuluka. Owerenga analipo ambirimbiri, koma m'maso mwa otsatsa malonda anali owerenga osapindulitsa, chifukwa ambiri mwa iwo anali anthu akuda.

Imfa yotere ndi yofunika kuilingalira mofatsa, makamaka kwa anthu olankhula Chichewa ndi Chinyanja. Makolo awo ankakumba golide m'migodi imene inalemeretsa mzinda umenewu, ndipo chilankhulo chawo mpaka lero chimapatsidwa malo ochepa m'nyuzipepala pa zifukwa zofanana ndi zimene zinapha Mail.

Nyuzipepalayi inabadwa mu 1902, miyezi yochepa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu itatha. Anaiyambitsa ndi Harry Freeman Cohen, ndipo mkonzi wake woyamba anali Edgar Wallace, amene pambuyo pake anatchuka ku Britain polemba nthano za upandu. Wallace sanakhalitse paudindowu. Patangopita zaka zochepa nyuzipepala inagwera m'manja mwa Abe Bailey, mmodzi mwa zikhwaya za migodi. Dzina loti Rand likuchokera ku Witwatersrand, mtandadza wa zitunda kumene golide anapezeka mu 1886, ndipo ndalama ya dzikolo inatenganso dzina lomweli mu 1961. Choncho kuyambira pachiyambi Mail inali mwana wa migodi. Inkalembedwa m'Chingerezi, kulembera azungu olankhula Chingerezi, ndipo kwa zaka zoposa 50 inkaona anthu akuda monga momwe azungu ambiri a nthawiyo ankawaonera: antchito, opalamula milandu, kapena vuto loti boma lithane nalo. Mu 1955 inalowa m'kampani ya South African Associated Newspapers pamodzi ndi Sunday Times ndi Sunday Express.

Zinthu zinatembenuka mu 1957 pamene Laurence Gandar anakhala mkonzi. Gandar anali munthu wofatsa, koma anali atatsimikiza mumtima kuti tsankho lidzagwetsera dziko lonse m'phompho. Analemba maganizo amenewa poyera, nthawi zina pogwiritsa ntchito dzina lobisalira la Owen Vine. Chipani cha Progressive chitapangidwa mu 1959, iye anachiikira kumbuyo, ngakhale kuti pachisankho cha 1961 chinangopeza mpando umodzi wokha, wa Helen Suzman. Analembanso ntchito Benjamin Pogrund kuti azitola nkhani za ndale za anthu akuda, ntchito imene nyuzipepala za azungu zinkaiona ngati yosafunika. Pogrund ankapita kumisonkhano ya ANC ndi PAC, anakhala bwenzi la Robert Sobukwe, ndipo anali ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, tsiku limene apolisi anawombera ndi kupha anthu 69.

Munthu wophunzira za zilankhulo akamawerenga mbiri imeneyi, chimene chimamukopa msanga ndi nkhondo ya mayina. Kwa zaka zambiri boma ndi nyuzipepala zinkatchula munthu wakuda kuti "native", mawu amene poyamba ankangotanthauza mbadwa koma anadzasanduka chitonzo. Chipani cha National chitatenga boma mu 1948, chinayamba kukonda mawu oti "Bantu". Mawuwa anawabweretsa m'maphunziro ndi Wilhelm Bleek, katswiri wa zilankhulo wa ku Germany, chapakati pa zaka za m'ma 1800, pofuna kutchula banja lalikulu la zilankhulo zimene Chichewa, Chizulu, Chishona ndi Chiswahili zilimo. Tsinde lake ndi lomwe lili m'mawu oti munthu ndi anthu. Azulu amati abantu. Boma linatenga mawu otanthauza anthu n'kuwamata pa malamulo ochotsera anthu umunthu wawo, monga lamulo la maphunziro a Bantu la 1953. Motero mawu abwino anaipitsidwa, mpaka lero ku South Africa munthu amawatchula mosamala.

M'nthawi ya Gandar, Mail inasiya mawu oti "native" n'kuyamba kulemba kuti "African", dzina limene eni ake ankadzitchula nalo m'mabungwe awo. Koma inapitiriza kugwiritsa ntchito mawu oti "non-white" ikafuna kuphatikiza Aafirika, Amwenye ndi Makaladi. Mawu amenewa amamufotokoza munthu ndi chimene iye sali. Amaika mzungu pakati ngati muyeso, ena onse n'kukhala otsalira. Ophunzira a bungwe la SASO, limene Steve Biko anali mmodzi mwa oliyambitsa, anawakana kwamtuwagalu, ndipo pamsonkhano wawo wa mu Julayi 1972 ku Hammanskraal anatulutsa atolankhani a nyuzipepala zowagwiritsa ntchito. Mail inamva, ndipo chaka chomwecho inayamba kulemba kuti "black". Ena angaone ngati nkhani yaing'ono ya kalembedwe. Komatu nyuzipepala ya m'mawa imabwereza mawu tsiku ndi tsiku m'nyumba masauzande ambiri, ndipo mawu obwerezedwa chotero amakhazikika m'kamwa mwa anthu mofulumira kuposa a m'buku lililonse la sukulu. Chofunika kuchiona n'chakuti kusinthaku kunayamba ndi otchulidwawo. Nyuzipepala inangovomera kutsinidwa khutu, ndipo ulemu wake uli pamenepo.

Kulimba mtima kwake kunaonekera kwambiri pa nkhani zitatu. Yoyamba ndi ya ndende. Mu 1965 Mail inasindikiza nkhani zotsatizana zofotokoza kumenyedwa, uve ndi nkhanza za m'ndende, zochokera kwa Harold Strachan amene anali atangomaliza kugwira ukaidi pa mlandu wa ndale. Lamulo la ndende la 1959 linkati wosindikiza nkhani ya m'ndende ayenera kusonyeza yekha kuti anafufuza mokwanira, ndipo boma linagwiritsa ntchito mpata umenewu. Amene anapereka umboni kwa atolankhani anazengedwa milandu, Strachan anabwerera m'ndende, ndipo mu 1969 Gandar ndi Pogrund anapezeka olakwa pa mlandu umene unatenga miyezi yambiri n'kudya ndalama zankhaninkhani. Akuluakulu a kampani, amene anali atatopa kale ndi ndale za Gandar, anali atamukweza paudindo wopanda mphamvu zenizeni, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku inapita kwa Raymond Louw mu 1966. Louw anapitiriza njira yomweyo kwa zaka 11.

Yachiwiri ndi imfa ya Steve Biko pa 12 Sepitembala 1977. Nduna ya zachilungamo, Jimmy Kruger, inauza dziko kuti Biko anali akunyanyala chakudya. Mkonzi watsopano, Allister Sparks, atatsinidwa khutu ndi dokotala Jonathan Gluckman amene anaona mtembo m'malo mwa banja, anatuma mtolankhani wachitsikana Helen Zille ku Port Elizabeth kukafunsa madokotala amene anamuona Biko ali m'manja mwa apolisi. Mu Okutobala Mail inalengeza patsamba loyamba kuti panalibe chizindikiro cha njala, ndipo kuti Biko anavulazidwa m'mutu. Kruger anakadandaula kubungwe loyang'anira nyuzipepala, ndipo bungwelo linadzudzula Mail, koma kafukufuku wa kukhoti anasonyeza kuti Biko anafadi ndi kuvulala kwa ubongo. Mwezi womwewo, pa 19 Okutobala, boma linatseka The World, nyuzipepala ya anthu akuda, n'kumanga mkonzi wake Percy Qoboza. Mlandu wofanana, zilango zosiyana: khungu la akonzi linali chishango chimene The World inalibe.

Yachitatu ndi ya ndalama zachinsinsi za dipatimenti ya zofalitsa nkhani. Mu 1976 mumzindawu munabadwa nyuzipepala ina ya m'mawa, The Citizen, ya Chingerezi koma yoikira boma kumbuyo. Anthu ankauzidwa kuti mwini wake ndi Louis Luyt, mpondamatiki wa feteleza. Mu 1978 atolankhani a Mail, Mervyn Rees ndi Chris Day, pamodzi ndi anzawo a Sunday Express, anaulula kuti ndalama zake, zokwana pafupifupi 32 miliyoni rand, zinachokera m'thumba la boma kudzera mwa nduna Connie Mulder ndi mlembi wake wamkulu Eschel Rhoodie. Woweruza Anton Mostert anatulutsa umboni poyera mu Novembala chaka chomwecho. Mulder anagwa, ndipo John Vorster, amene anali atachoka pa unduna waukulu n'kukhala pulezidenti, anatula pansi udindo mu Juni 1979. Ndi nyuzipepala zochepa padziko zimene zinagwetsapo mtsogoleri wa dziko. Chodabwitsa n'chakuti The Citizen, imene inabadwa ndi ndalama zakuba, ikutulukabe mpaka lero, pamene Mail inangokhala zaka zisanu ndi chimodzi chigwetsere Vorster.

Kuti imfayi imveke, m'pofunika kudziwa momwe nyuzipepala imapezera ndalama. Mtengo umene wowerenga amalipira pamsewu nthawi zambiri sukwanira ngakhale kugula pepala, inki ndi mafuta a galimoto zogawa. Phindu limachokera kwa otsatsa malonda, ndipo iwo amagula maso a anthu okhala ndi ndalama zogulira galimoto, nyumba ndi mipando. Mail itayamba kulemba za anthu akuda mwaulemu, iwo anayamba kuigula mwaunyinji, pamene azungu ena anaisiya ponena kuti imawawonongera chakudya cha m'mawa ndi nkhani zowawa. Pofika zaka za m'ma 1980, ambiri mwa owerenga ake anali akuda. Malamulo a tsankho anali atawatsekera ntchito za malipiro abwino ndi umwini wa malo m'mizinda, ndiye otsatsa malonda sankawawerengera. Kope lililonse logulitsidwa ku Soweto linkawonjezera ndalama zosindikizira popanda kuwonjezera ndalama za malonda. Pamwamba pa izi, wailesi ya kanema inafika m'dzikolo mu 1976 n'kuyamba kuulutsa malonda mu 1978, The Citizen inkalimbirana nayo azungu a m'mawa, ndipo Sowetan itayamba kutuluka tsiku lililonse mu 1981 inayamba kukokanso owerenga akuda. Sparks anachotsedwa ntchito mu 1981, ndipo Rex Gibson ndiye anakhala mkonzi womaliza.

Alipo amene amati eni ake sanalakwe. Iwo amati kampani si tchalitchi, nyuzipepala inkataya mamiliyoni chaka ndi chaka, ndipo inkafuna kusangalatsa magulu awiri a anthu amene dziko linawalekanitsa. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, pakuti kutayika kwa ndalamako sikunali kopeka. Koma ikusiya zinthu ziwiri. Choyamba, kampani yomweyo inali ndi Sunday Times imene inkapanga phindu lalikulu, ndipo kumbuyo kwake kunali Anglo American, kampani yolemera koposa m'dzikolo, imene chuma chake chinachokera m'migodi momwe anthu akuda ankagwira ntchito pa malipiro ochepa. Kutseka Mail kunali kusankha, monganso kunali kusankha kutsegula Business Day, nyuzipepala ya anthu a zamalonda, tsiku lotsatira. Chachiwiri, nthawi imene anasankha inali yoipitsitsa. Makomboni anali akuyaka moto kuyambira mu Sepitembala 1984, ndipo mu Julayi 1985, pasanathe miyezi itatu Mail itatsekedwa, P.W. Botha analengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti. Mboni yodalirika inachotsedwa pabwalo mlandu waukulu ukuyamba. Botha mwiniwake sanabise kukondwa kwake. Atolankhani ena amene anachotsedwa ntchito, motsogozedwa ndi Anton Harber ndi Irwin Manoim, anasonkha ndalama zawo zopumira n'kuyambitsa Weekly Mail mu Juni 1985, imene lero ndi Mail & Guardian. Koma nyuzipepala yotuluka kamodzi pamlungu, yogulidwa ndi anthu ochepa ophunzira, sikanatha kulowa m'malo mwa imene inkafika pakhomo m'mawa uliwonse.

Kuyamikira Mail sikuyenera kuphimba malire ake. Inkasindikiza kope lapadera lotchedwa Extra la m'makomboni, momwe masamba ena a zamalonda ankalowedwa m'malo ndi nkhani za mpira ndi za moyo wa anthu akuda. Zotsatira zake n'zakuti mzungu wa ku Houghton sankaona zambiri zimene munthu wa ku Orlando ankawerenga, ndipo nyuzipepala yotsutsa tsankho inali ndi mpanda m'kati mwake. Atolankhani akuda ankagwira ntchito yoopsa kwambiri, monga nthawi ya kuukira kwa ophunzira a ku Soweto mu Juni 1976 pamene wojambula zithunzi Peter Magubane anamenyedwa ndi kumangidwa, koma mipando ya akonzi akuluakulu inali ya azungu.

Kunja kwa mpanda wachiwiriwo kunalinso anthu ena amene ngakhale Extra sinkawalembera. Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, limene kumudzi limadziwika kuti Wenela, linkatenga amuna ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Mabuku a migodi ankatchula ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22 kuti "tropicals", ndipo mu 1913 boma linaletsa kuwalemba chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, mpaka chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya South Africa anali oposa 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchitoko. Amuna amenewa ankagona m'makomponi, pansi pa nthaka ankalamulidwa m'Chifanakalo, ndipo makalata opita kwa akazi awo ankalembedwa m'Chinyanja, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Ambiri sakanatha kuwerenga nyuzipepala ya Chingerezi. Thukuta lawo linali m'gulu la zimene zinkalipira masamba a zamalonda a Mail, koma iwo ankalowa m'nyuzipepala ngati chiwerengero cha antchito kapena cha akufa. Mbiri yawo yasungika kwina: m'mawu monga Joni, Wenela, Theba ndi matchona, amene Chichewa chinawalandira ndipo chikuwasungabe.

Apa ndi pamene nkhani ya Johannesburg ikukhudza Lilongwe, Chipata ndi Tete. Muyeso umene unapha Mail, woyeza wowerenga ndi thumba lake, ndi womwewo umene umachititsa kuti chilankhulo cha anthu mamiliyoni ambiri chikhale chopanda nyuzipepala yotuluka tsiku lililonse. Ku Malawi nyuzipepala zikuluzikulu ndi za Chingerezi, ndipo Chichewa chimapezeka m'timasamba ta kumapeto kwa mlungu monga Tamvani mu Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News. Timasambati timagwira ntchito yotamandika, koma kakonzedwe kake kakufanana ndi ka Extra: nkhani za bajeti, za ngongole za dziko ndi za zigamulo za makhoti zimatambasulidwa m'Chingerezi, wowerenga Chichewa n'kulandira chidule. Nyuzipepala za Chichewa chokhachokha monga Boma Lathu ku Malawi ndi Tsopano ku Zambia zinali za boma, ndipo nyuzipepala ya boma singafufuze ndende za boma. Chilankhulo chimene sichigwiritsidwa ntchito pofunsa nduna mafunso ovuta chimasowa mawu a ntchitoyo, kenaka anthu n'kumati n'chosakwanira, pamene chinangomanidwa mpata.

Umboni woti zinthu zingakhale mwina ulipo ku South Africa komweko. Ilanga, nyuzipepala ya Chizulu imene John Langalibalele Dube anaiyambitsa mu 1903, chaka chimodzi Mail itabadwa, yakhala zaka zoposa 100. Isolezwe, ya Chizulunso, inayamba mu 2002 ku Durban ndipo inafika pogulitsa makope oposa 100,000 patsiku. Tsankho litatha ndipo anthu akuda atayamba kupeza ndalama, otsatsa malonda omwe aja anathamangira owerenga amene mu 1985 ankawaona ngati mtolo. Eni a Mail anayeza msika wa tsiku limenelo n'kuiwala kuti dziko linali pafupi kusintha. Nelson Mandela anatuluka m'ndende pasanathe zaka zisanu.

Olankhula Chichewa ali ndi mwayi umene amuna a Wenela analibe. Lamya ya m'manja yachotsa mtengo wa pepala ndi wa galimoto, ndipo nkhani yolembedwa ku Zomba ingawerengedwe tsiku lomwelo ku Katete, ku Angónia, ku Harare ndi ku Johannesburg. Malire amene amagawa owerenga amenewa m'misika yaing'onoing'ono ndi a maboma, ndipo kusiyana kwa kalembedwe, monga ch wa ku Malawi ndi c wa ku Zambia ndi Mozambique, sikulepheretsa munthu kumva. Koma intaneti sinachotse funso limene linapha Mail, loti mtolankhani adzalipidwa ndi yani. Nkhani ya Strachan inatenga miyezi kuifufuza ndi zaka zinayi kuiteteza kukhoti. Ntchito yotere imafuna malipiro, maloya ndi mkonzi wosagonja, ndipo ngati owerenga sasonkha ndalama zake, adzasonkha ndi amalonda kapena andale, amene amatha kuchotsa dzanja lawo tsiku lililonse.

Palinso ntchito ina yachangu, yosunga zimene zinalembedwa kale. Makope a Rand Daily Mail a zaka zonse 83 anasungidwa, anajambulidwa n'kuikidwa m'makompyuta, kotero kuti wofufuza angathe kutsata chaka ndi chaka momwe mawu oti "native" anazimiririra. Wofuna kuchita zomwezo ndi Chichewa, kuti aone momwe mawu monga ufulu, chitukuko kapena demokalase analowera ndi kusintha matanthauzo, amayenera kusakasaka makope a Msimbi, Boma Lathu, Moni ndi Tsopano m'nyumba zosungira mabuku za maiko osiyana, pamene chiswe ndi chinyontho sizidikira. Mayunivesite a ku Zomba, Lusaka ndi Maputo, pamodzi ndi nyumba zosungira zolembedwa zakale za maiko atatuwa, angathe kugwirizana pa ntchito yojambula makope amenewa ndi kuwatsegulira aliyense. Ndi ntchito yosafuna ndalama zambiri poyerekeza ndi phindu lake, ndipo iyenera kuyamba mapepalawo akadali owerengeka.